Kuwala koyenera tiakamba tosungidwa m'nyumba

Bambo a ku Luwinga:
Ndikusunga tiakamba tiwiri m'bokosi lamatabwa m'chipinda, popeza mwezi uno wa Juni kuno ku Mzuzu kukuzizira kwambiri. Ndinaika babu limodzi lotenthetsa pakona, koma mbali yotsalayo ndi yamdima, ndipo tiakambato timangobisala m'udzu wouma osafuna kudya. Kodi ndikulakwitsa pati?

Mayi a ku Katoto:
Bambo, kutentha ndi kuwala ndi zinthu ziwiri zosiyana. Kamba amadzuka kukafuna chakudya akaona kuti kwacha, choncho bokosi lamdima limamuchititsa kuganiza kuti kudakali usiku. Onjezerani nyali yoyera ya LED yowalitsa bokosi lonse kwa maola 12 patsiku, muziithimitsa usiku, koma musachotse kobisala chifukwa mthunzi amaufunanso.

Achimwene a ku Chibavi:
Ndikugwirizana ndi mayiwa, komabe nyali ya LED wamba situlutsa kuwala kwa UVB, kuwala kosaoneka ndi maso kopezeka m'dzuwa, kumene kumathandiza thupi la kamba kupanga vitamini D3 kuti kashiamu alowe m'mafupa. Kukasowa, chigoba chimafewa ndi kupindika. Ine ndinkaika bokosi langa pawindo poganiza kuti ndachita bwino, osadziwa kuti galasi limatchinga UVB. Pamafunika nyali yapadera ya UVB, koma nyali zotere zimachepa mphamvu ngakhale zikuyakabe, motero zimafunika kusintha pakapita miyezi 6 mpaka 12.

Bambo a ku Luwinga:
Zikomo kwambiri. Nanga magetsi akathima tsiku lonse ndizitani?

Achimwene a ku Chibavi:
Nkhungu ikangochoka n'kufunda masana, atulutseni pabwalo aothe dzuwa pamalo okhalanso ndi mthunzi, ndipo inu mukhale pomwepo chifukwa akhwangwala sachedwa kutola kamba wamng'ono chotero.