Kodi ndingakasume ndekha kukhothi popanda loya?

Nachisale_Mchinji:
Abale ndithandizeni nzeru. Chaka chatha mu May ndinapereka matumba 12 a soya kwa venda wina wa kwathu kuno, tinagwirizana K540,000, anangonditumizira K150,000 pa Mpamba nkunena kuti yotsalayo andipatsa akakagulitsa ku Lilongwe. Mpaka lero zii. Foni sayankha, ndikamupeza pamsika amangoti mawa mayi, mawa, pomwe ine feteleza wa chaka chino ndachita kukongola ku banki mkhonde. Kupolisi anandibweza ati za ngongole si zawo ndipite kukhothi. Ndalama ya loya ndilibe ndipo sitinalemberane pepala lililonse, ndiye ndiyambire pati?

Bambo_a_Tadala:
Pepani mayi. Loya safunika ayi, ine ndinasuma ndekha kwa majisitireti munthu amene anandidyera ndalama ya malata. Mukafika pakhothi funsani ofesi ya kalaliki wa milandu ya civil (milandu ya pakati pa anthu monga ya ngongole), mufotokoze nkhani yanu, akuthandizani kulemba samani, mulipira kandalama kolembetsera ndipo risiti musaisiye. Chachikulu ndi choti samaniyo imufike mwini wakeyo m'manja, ndiye mudziwe dzina lake lenileni osati la pamsika lija, komanso komwe amagona. Ine ndinataya milungu itatu chifukwa ndimangomudziwa ndi dzina lotchulira anzake. Akalandira koma osayankha kapena osabwera, khothi litha kugamula iye kulibe. Pa tsiku la mlandu mumayankhula Chichewa chomwechi, womasulira amakhalapo, musaope.

Nachisale_Mchinji:
Zikomo bambo. Nanga poti pepala palibe sakandikana?

ChifundoK:
Mgwirizano wapakamwa ndi mgwirizano ndithu amayi, vuto limangokhala umboni. Meseji ya Mpamba ija musaifufute, ndi umboni woti panali malonda pakati panu, nanga munthu angatumize K150,000 popanda chifukwa? Ngati munalemberanapo pa WhatsApp iye nkumati ndikupatsani mawa, kapangitseni print zonsezo masiku ake azioneka. Ndipo amene anakweza matumba pangolo kapena anagwira sikelo tsiku limenelo ndi mboni, apempheni apite nanu. Musananyamuke mulembereni kalata yomupatsa masiku oti alipire, kope ina musunge, majisitireti amaona kuti munayesa kukambirana. Malamulo amapereka zaka 6 pa milandu ya ngongole ngati iyi ndiye simunachedwe, koma musakhalitse poti mboni zimasamuka, zina zimaiwala. Mukaona kuti zikukulemerani kuli a Legal Aid Bureau, amathandiza anthu osowa ndalama ya loya.

Gogo_Phiri57:
Mwanawe ine ndikuuze mbali yomwe ambiri sanena. Kupambana mlandu ndi kwina, kulandira ndalama ndi kwinanso. Ine chigamulo ndinachipeza bwinobwino, munthu anauzidwa azilipira pang'onopang'ono mwezi ndi mwezi, analipira kawiri basi nkusiya. Ndinabwereranso kukhothi kukapempha kuti masherifu akalande katundu, pamenepo panafunikanso ndalama ina ndi mayendedwe, kukafika kunyumba kwake anapeza mphasa ndi mipando iwiri, wailesi ndi njinga anali atazisamutsira kwa mlamu wake usiku. Zinandipweteka kwambiri. Ndiye uyambe wafufuza mwakachetechete, ali ndi chani munthuyo, sikelo, njinga yamoto, katundu mu shopu, uzidziwiretu komwe zili. Ndipo usakatenge chinthu chake wekha ngati chikole ngakhale mtima uwawe bwanji, mlandu utembenukira iwe.

Nachisale_Mchinji:
Agogo mwandithandiza, zolanda sikelo yake ndinaziganizapo ndithu. Ali ndi njinga yamoto ya kabaza imene mng'ono wake amayendetsa pa boma. Meseji ya Mpamba ndaipeza ikadalipo mufoni yakale ija, ndipo mnyamata amene anakweza matumba wavomera kukaima. Kalata ndilemba usiku uno ndikampatse pamaso pa a mfumu, akapanda kulipira pofika pa 30 ndikupita kwa kalaliki.