Khoma lija tagumula, denga lili chilili

Zikomo nonse amene munandiyankha nditafunsa zogumula khoma la pakati pa balaza ndi khitchini kwathu ku Matawale. Ndinamvera achikulire aja amene anati kukula kwa bimu (chitsulo kapena thabwa lopingasa lonyamula denga khoma likachoka) sitiyeza ndi maso, ndiitane injiniya.

Injiniyayo atakwera m'denga ndi tochi, anapeza kuti khomalo linkanyamula matabwa a denga komanso thanki ya malita 500 imene ine ndinali nditaiiwaliratu. Madzi okhawo ndi makilogalamu 500! Anawerengetsera kulemera konseko pa mpata wa mamita 4, n'kusankha bimu yachitsulo yokulirapo kuposa imene mmisiri wathu ankanena.

Inu amene mukufuna kuchita zomwezi, yambani mwachirikiza denga ndi mizati musanachotse njerwa ngakhale imodzi. Nsonga za bimu tinazikhazika pa konkire, osati pa njerwa zokha. Mvula yagwa miyezi iwiri tsopano, mng'alu palibe.