Funso pa za ngamila ndi tende m'mbiri ya Chisilamu

Abale ndi alongo, ndikupempha thandizo lanu pa phunziro limene ndikukonzera ana a ku madrasa. Ndikudziwa kuti m'chaka cha 622 Mtumiki Muhammad, mtendere ukhale pa iye, adalowa mu Madina atakwera ngamila yake Al-Qaswa, ndipo pamene idagwada ndi pomwe padamangidwa mzikiti wake, womwe mizati yake inali mitengo ya tende.

Chimene ndikufunitsitsa kumvetsa ndi chakudya cha Aluya pa maulendo aatali a malonda ochokera ku Makka kupita ku Syria. Kodi mkaka wa ngamila ndi tende zinkawakwanira ulendo wonse, kapena ankanyamulanso kamba wina? Nanga tendeyo ankasungidwa motani kuti asawonongeke ndi kutentha kwa m'chipululu? Amene mudaphunzira zimenezi, chonde ndiunikireni.