Foni ikulira tsiku lonse koma uthenga wofunika unandidutsa: tizikonza bwanji zidziwitso pa gulu la ntchito?

Mlembi wa kopaletivi, Chipata

Moni akuluakulu ndi anzanga nonse. Ndine mlembi wa kopaletivi ya alimi imene imagula nshawa ndi soya m'midzi ya kuno ku Chipata, ku Chadiza ndi ku Vubwi, ndipo ndabwera kudzapempha nzeru pa nkhani imene yandisowetsa mtendere chiyambire nyengo yogula mbewu. Ntchito yathu timaigwirira limodzi pa foni ndi pa kompyuta. Tili ndi magulu anayi a WhatsApp, la komiti, la anyamata a pa sikelo, la madalaivala ndi la mamembala onse. Tilinso ndi pepala limodzi la Google Sheets limene wogula aliyense amalembapo matumba amene walandira tsikulo, kuwonjezera pa imelo ya ofesi ndi mauthenga a ndalama za pa foni amene amabwera tikalipira mlimi. Chaka chatha ndinatchera pepalalo kuti lizinditumizira imelo munthu akangosinthapo kanthu, chifukwa ndinkaopa kuti wina angafufute manambala, ndipo tsopano foni yanga imalira kuyambira m'bandakucha mpaka usiku.

Nditatopa nazo ndinaika magulu atatu pa mute. Sabata yatha dalaivala wathu analemba m'gulu la madalaivala nthawi ya 14:00 kuti lole yafa pa msewu wochokera ku Chadiza itasenza nshawa. Analibe talk time yoimbira, anali ndi bandulo ya WhatsApp yokha. Ine ndinauona uthengawo itakwana 19:00, lole yaikulu yopita ku Lusaka itanyamuka kale yosadzaza, ndipo mnzathuyo anagona pamsewu kulondera matumba m'nyengo yozizira ino. Nkhaniyi ikundipwetekabe mumtima. Ndikatsegula zonse sinditha kumaliza ngakhale tsamba limodzi la mawerengero, ndikatseka ndiye zotere zimachitika. Kodi inu amene mumagwira ntchito m'magulu mumazikonza bwanji zimenezi?

Mphunzitsi wa makompyuta, Katete

A Mlembi, pepani kwambiri, ndipo musadzione ngati munthu wosasamala. Khutu likamva kulira kumodzimodzi kambirimbiri limaleka kusiyanitsa, ndipo anthu a m'mafakitale analidziwa vuto limeneli mafoni athuwa asanafale. Mu 1994 fakitale yoyenga mafuta ya ku Milford Haven, ku Wales, inaphulika, ndipo ofufuza anapeza kuti m'mphindi 11 zomaliza anthu awiri oyang'anira makina analandira machenjezo 275. Machenjezo oyenera analipo ndithu, koma anamira m'gulu la ena ambirimbiri, moti anthuwo analibe mpata wodziwa loyamba kulithamangira. Chifukwa cha ngozi zotere, akatswiri a ntchito imeneyo amaphunzitsa kuti chenjezo lizilira pokhapokha pali chinthu chimene wolimvayo ayenera kuchita. Muyezo umenewu muutenge, muyeze nawo chilichonse chimene chimaliza foni yanu.

Tiyambe ndi pepala la Google Sheets, chifukwa ndikuganiza kuti phokoso lalikulu likuchokera pamenepo. Mnyamata wa pa sikelo ku Vubwi akalemba matumba 12, inu palibe chimene muyenera kuchita nthawi yomweyo, choncho imeloyo ilibe chifukwa chokuitanani. Pamalo pomwe munatchera zidziwitsozo pali mwayi wosankha kuti zosintha zonse zizibwera mu imelo imodzi kamodzi pa tsiku, ndipo mukhoza kuiwerenga madzulo pamene mukutseka mabuku. Mantha anu oti wina angafufute manambala ali ndi mankhwala ake ena. Pepalalo limasunga mbiri ya zosintha zonse, kusonyeza amene anasintha ndi nthawi yake, ndipo mutha kubwezeretsa mmene linalili dzulo. Muthanso kutseka mizere ya mitengo ndi ya zonkhetsa kuti inu ndi msungichuma nokha muziisintha. Kutseka khomo kumathandiza kuposa kuika belu loti lizikuuzani kuti munthu walowa kale.

Za WhatsApp, ambiri sadziwa kuti gulu likakhala pa mute, kaya kwa maola 8, sabata imodzi kapena nthawi zonse, foni imakudziwitsanibe munthu akakutchulani ndi chizindikiro cha @ kapena akayankha uthenga wanu mwachindunji. Dalaivala wanu akanalemba @ ndi dzina lanu, mukanamva. Koma iye sakanadziwa zimenezi popanda womuuza, ndiye apa mukuona kuti nkhaniyi simungaimalize nokha pa foni yanu. Gulu la madalaivala ine sindikanaliika pa mute m'nyengo yogula. Ndikanalipatsa kaliridwe kakekake kosiyana ndi magulu ena, kuti mukamva mudziwe musanayang'ane kuti ndi a pamsewu. Komanso kuyambira pa Android 8, imene inatuluka mu 2017, mapulogalamu ambiri amagawa zidziwitso zawo m'mitundu, ndipo mukakanikiza chidziwitso kwa kanthawi mutha kuzimitsa mtundu umodzi wokha, monga zotsatsa malonda, n'kusiya zinazo.

Wosunga mawerengero pa chipatala chaching'ono, Lundazi

Aphunzitsi alongosola bwino ndipo sindikutsutsa, koma ndikupempha kuti tiganizire anzathu amene ali kumidzi, chifukwa zonse zimene atchulazo zimadalira kuti uthenga wafika. Kuno netiweki imabwera ndi kupita. Ndikamakonza malipoti a mwezi oti alowe mu DHIS2, pulogalamu imene boma limasonkhanitsiramo malipoti a zaumoyo, nthawi zina ndimakhala theka la tsiku foni ili chete, kenaka ndikakwera pachitunda mauthenga onse a m'mawa amagwa nthawi imodzi ngati matalala, ndipo wofunika uja amakhala pakati pa ena makumi angapo. Mu 2024, pamene chilala chinachepetsa madzi ku Kariba ndipo magetsi ankazima maola ambiri pa tsiku, netiweki inkafooka limodzi ndi magetsi, ndipo anthu ankazimitsa data kuti batire ifike madzulo. Mafoni ambiri otsika mtengo amene timagwiritsa ntchito amatsekanso okha mapulogalamu amene sakuoneka pagalasi pofuna kusunga batire, moti uthenga umadikira kufikira mutatsegula WhatsApp ndi dzanja lanu. Chimenechi chimakonzeka mukalowa pa zokonzera batire n'kuilola pulogalamuyo kugwira ntchito mosaletsedwa, ndipo ndikulangiza kuti a Mlembi aone mafoni a madalaivala onse pa mfundo imeneyi.

Ife tinagwirizana kuti nkhani imene singadikire ola limodzi silembedwa, imaimbidwa. Wopanda talk time amaflasha kawiri motsatizana, ndipo woflashidwayo amaimba msanga osafunsa. Amene walemba uthenga wofunika aziyang'ananso tizizindikiro ta pambali pake: kamodzi kotuwa kakutanthauza kuti uthenga wachoka koma sunafike pa foni ya mnzanu, ndipo m'gulu mutha kukanikiza uthengawo n'kuona mayina a amene auwerenga. Mukaona kuti munthu woyenera sanauone, ntchito yanu sinathe. Ndikunena izi osati pofuna kuimba mlandu dalaivala uja, amene anachita zimene ankadziwa, koma chifukwa sizoyenera kuti moyo wa munthu pamsewu udalire foni imodzi. M'gulu lija munali anthu ena amene anawerenga uthengawo masana, ndipo ndikukhulupirira kuti aliyense anaganiza kuti a Mlembi awona kale.

Usiku ndimagwiritsa ntchito Do Not Disturb, imene imatontholetsa foni kuti isalire. Ndinaika nyenyezi pa manambala a anthu ochepa kuti iwo okha azidutsa, ndipo ndinalola kuti aliyense woimba kachiwiri pasanathe mphindi 15 adutsenso. Ndimagona bwino, koma wodwala akabwera anzanga amandipeza. Chinanso chimene chimandidetsa nkhawa ndi chakuti mauthenga a ndalama amaonetsa dzina la mlimi ndi ndalama zimene walandira pagalasi la foni ngakhale ili yokhoma, ndipo foni ya mlembi imakhala patebulo pamaso pa anthu oima pamzere. Dziko lathu lili ndi lamulo loteteza zinsinsi za anthu, Data Protection Act la 2021, koma ngakhale popanda lamulo, mayi amene wagulitsa nshawa zake safuna kuti mudzi wonse udziwe zimene wanyamula pobwerera kunyumba. Konzani kuti pagalasi pazioneka kuti uthenga wabwera, mawu ake akhale obisika.

Wapampando wa gulu la amayi losunga ndalama, Petauke

Ana anga, ine za mabatani sindizidziwa ngati inu, koma gulu ndaliyendetsa zaka zambiri ndipo ndili ndi mawu. A Mlembi, mukapita kukauza anthu kuti asiye kupereka moni m'gulu, kapena kuti uthenga wa maliro usalembedwemo chifukwa si wa ntchito, mudzaswa gulu lanu. Ife tinayesapo. Mtsikana wina wophunzira analemba malamulo otero ndi mtima wabwino, ndipo amayi achikulire anakhumudwa n'kuleka kutsegula gululo, moti tsiku logawana ndalama ena sanabwere chifukwa sanamve. Munthu amene sumulola kuti akuuze za maliro a kwawo sadzakuuzanso kuti sikelo yawonongeka.

Kumudzi ng'oma ya gule ndi mfuu ya moto siziliranso mofanana, ndipo palibe amene amaletsa gule kuti mfuu imveke. Ife tinatsegula gulu lachiwiri limene ma admin okha ndi amene amalembamo, la masiku a msonkhano ndi za ngongole, ndipo loyamba lija tinalisiya la moni, mapemphero, maliro ndi zithunzi za adzukulu. Aliyense ali ndi ufulu wolitseka la machezalo, koma la zolengeza tinapangana pamsonkhano kuti palibe wolitseka, ndipo ife oyang'anira tinalonjeza kuti sitidzalembamo zachabe. Lonjezo limeneli ndi lolemera, chifukwa tsiku limene mudzaponyemo kanema wosekesa, anthu adzayamba kulinyalanyaza ngati linalo.

Musaiwalenso amene sadziwa kuwerenga. Iwo amadalira mauthenga a mawu, ndipo amenewo ndi abwino, koma uthenga wa mawu wa mphindi zisanu sungadziwe za m'kati mwake usanaumvere wonse. Ife wotumiza amayamba ndi mutu wa nkhani m'mawu oyambirira, moni n'kubwera pambuyo, ndipo mlembi amalemba mzere umodzi pansi pake wonena zimene zanenedwa. Nkhani yonseyi muipititse kwa apampando anu kaye paokha, kuti iwo ndiwo aitulutse pamsonkhano. Inu ndinu mwana kwa ambiri a m'komiti, ndipo siyenera kuoneka ngati mukuwaletsa akuluakulu kulankhula.

Mphunzitsi wa makompyuta, Katete

Amayi anena zoona, ndipo ndikuvomera kuti mbali imeneyo ndinaidumpha. Ndingowonjezera kuti zimene afotokozazo WhatsApp inazikonzera malo mu 2022 pa dzina lakuti Communities, pamene magulu angapo amakhala pansi pa denga limodzi ndi gulu limodzi la zolengeza lolembamo ma admin okha. Ndiponso uthenga wa mtengo wa sabata mutha kuukhomera pamwamba pa gulu kwa masiku 7, kuti anthu asamafunse funso limodzimodzi kambirimbiri.

Mlembi wa kopaletivi, Chipata

Zikomo kwambiri Aphunzitsi, achimwene a ku Lundazi, ndi inu Amayi. Ndinayamba ndi kupita kwa dalaivala uja kukapepesa pamaso, ndipo iye ndi amene anandiuza kuti anthu asanu anawerenga uthenga wake masana omwewo, monga mmene achimwene anaganizira. Kenaka ndinakhala pansi ndi apampando, ndipo Loweruka iwo anaitulutsa nkhaniyi pamsonkhano wa komiti. Tagula foni yaing'ono ya mabatani imene batire yake imakhala masiku angapo, yongoimbira, ndipo nambala yake talemba papepala n'kumata m'lole iliyonse ndi pa sikelo iliyonse. Foniyo izisungidwa mosinthana sabata ndi sabata, ndipo dalaivala aliyense azipatsidwa talk time asananyamuke. Imelo ya pepala la Google Sheets tsopano ikubwera kamodzi madzulo, ndipo Lolemba ndinatha kumaliza mawerengero a soya a mwezi wonse dzuwa lisanapendeke.

Chimene sitinagwirizane ndi nkhani ya gulu la WhatsApp la anyamata a pa sikelo. Msungichuma akufuna kuti chithunzi cha risiti iliyonse chiziponyedwa m'gululo pompopompo monga umboni, pamene ine ndikuona kuti zithunzi zimenezo ndi zimene zimakwirira mauthenga ena ndi kutha bandulo ya anyamatawo. Ndinaganiza zoti azizitumiza zonse pamodzi potseka sikelo, koma msungichuma akuti risiti ikagona m'foni ya wogula mpaka madzulo pamakhala mpata wosintha manambala, ndipo mfundo yawo sindingaikane. Mwezi wa August ukubwera, ambiri a ife tidzapita ku Mkaika ku mwambo wa Kulamba pamene kugula kudakali mkati, ndiye ndikufuna kuti nkhaniyi ithe tisanapite. Ngati alipo amene amasonkhanitsa zithunzi za marisiti kuchokera kumidzi popanda kuzidutsitsa m'gulu la WhatsApp, makamaka kumene netiweki imavuta ngati ku Vubwi, chonde ndifotokozereni mmene mumachitira.