Ndioda matailosi a kapeti angati owonjezera?

Akuluakulu, ndikupempha nzeru kwa amene munayalapo matailosi a kapeti. Komiti ya mpingo wathu ku Lilongwe yandipatsa udindo wogula matailosi a chipinda cha misonkhano, chomwe ndi mamita 11.8 m'litali ndi mamita 7.3 m'lifupi, ndipo pakati pake pali zipilala ziwiri. Tasankha a masentimita 50 mbali zonse, omwe amalowa anayi pa sikweya mita imodzi ndipo amabwera 20 m'katoni. Ndikawerengera ndikupeza masikweya mita 86 ndi pang'ono, kutanthauza matailosi 345. Wogulitsa akuti ndiwonjezerepo 10 peresenti, koma asungichuma athu akuti 5 peresenti ikwana. Nkhawa yanga ndi yakuti katunduyu akubwera pa thiraki kuchokera ku Johannesburg, ndiye akaperewera tidzadikira masabata angapo pansi pali poyalidwa theka. Kodi ndioda makatoni angati?

Yankho loyamba:
Bambo, peresenti muyambe mwaisiya, muwerenge mizere ya matailosi. Kuyala kumayambira pakati pa chipinda kupita kumakoma, ndipo mukaika tailosi lathunthu pamzere wapakati, m'lifupi mulowa 13 athunthu ndi awiri odulidwa a masentimita 40 kumakoma onse awiri, pamodzi 15. M'litali, mukaika polumikizira matailosi awiri pamzere wapakati, mulowa 22 athunthu ndi awiri odulidwa a masentimita 40, pamodzi 24. Mukachulukitsa 15 ndi 24 mupeza 360, omwe ndi makatoni 18 ndendende, osatsala ngakhale limodzi. Tizidutswa ta masentimita 10 totsala podula sitingakuthandizeni kwina kulikonse, ndipo n'chifukwa chake 345 yanu ija ikuchepa. Onaninso kuti wogulitsa ndi asungichuma akukangana pachabe: 5 peresenti ikupereka matailosi 362, 10 peresenti ikupereka 380, ndipo popeza katoni sagula theka, onse awiri akufika pa makatoni 19.

Yankho lachiwiri:
Ndikugwirizana ndi mawerengedwe a anzangawa, koma ine ndingaode makatoni 20. Kuzungulira zipilala ndi pakhomo mpeni umaphonya ngakhale m'manja mwa mmisiri wodziwa ntchito, ndipo kunsi kwa tailosi lililonse kuli kamuvi kosonyeza kumene ubweya wagonera, kotero chidutswa sichingangotembenuzidwa kuti chitseke mpata wina popanda kuoneka mtundu wosiyana. Chachikulu kwambiri ndi utoto. Matailosi opangidwa nthawi zosiyana amasiyanako mtundu ngakhale dzina ndi nambala yake zili zofanana. Kuofesi kwathu tinaperewera matailosi asanu ndi limodzi okha, tinaodanso, ndipo mpaka lero aliyense wolowa amaona chigamba pafupi ndi zenera. Muuzeni wogulitsa kuti makatoni onse akhale a batch imodzi, kutanthauza opangidwa nthawi imodzi, ndipo akafika muone nambala ya batchiyo pa katoni iliyonse musanatsegule. Otsalawo muwasunge chogoneka pamalo ouma, chifukwa m'chipinda cha misonkhano tiyi adzatayika ndithu, ndipo ubwino wa matailosi ndi woti mumangochotsa lodetsedwalo n'kuikapo lina.

Wofunsa:
Zikomo kwambiri nonse. Ndipita ku komiti ndi makatoni 20, ndipo mawa ndikayezanso makoma onse anayi ndi tepi, chifukwa nyumbayi ndi yakale ndipo ndikukayika ngati mamita 7.3 aja ali ofanana kumbali zonse ziwiri.