Poto atatupa, pa turn ndikanatani?

Abale okonda poker, ndithandizeni maganizo. Loweruka tinkasewera Texas Hold'em (mtundu wina wa poker, masewera a makadi obetcha ndalama) ku Ulongwe, aliyense atayamba ndi mametikali 1,000, ma blind (ndalama zomwe osewera awiri amaika mokakamizidwa asanaone makadi) 5 ndi 10. Ndinali ndi AK (makadi a Ace ndi King). Ndinaika 30, mnzanga wa ku Moatize anakweza kufika 100, ndinakwezanso kufika 250, iye n'kulowa. Flop (makadi atatu oyamba oikidwa patebulo) inabwera Q-8-3, sinandikhudze n'komwe, komabe ndinaponya 150. Anatsatira osaphethira.

Apa poto (ndalama zonse zobetchedwa) anali 815, ine nditatsala ndi 600 basi. Turn (khadi lachinayi la patebulo) inabwera 5. Manja anayamba kutuluka thukuta, ndinangogogoda tebulo osaponya kanthu. Iye anakankha zonse, ine n'kutaya makadi.

Kodi zotsala zikachepa kuposa poto chonchi, inu mumakankha zonse ndi AK wopanda peya? Kapena ndinalakwitsa kale poponya 150 uja? Mpaka lero akundiseka, osandiuza zomwe anali nazo.