Gulu loyang'anira madzi la kwathu ku Nkhotakota: thanki yachiwiri kapena mamita?

Wapampando: Akuluakulu, nkhani ya thanki yachiwiri yabweranso. A kumtunda akuti ikamakwana 9 koloko m'mawa mpopi umakhala utauma. Tikambirane tisanakhudze thumba.

Pulambala: Zikomo a Tcheya. Ine thanki ndikuikana kaye. Potulukira thanki yathu palibe mita, ndiye madzi amene pampu ya sola imakweza sitingawayerekeze ndi amene timagulitsa. Tigule mita yaikulu imodzi, yaing'ono pa kiyosiki iliyonse, ndi geti vavu, chotsekera madzi, pa nthambi iliyonse ya mapaipi. Kiyubiki imodzi ndi malita 1,000, zigubu 50 za malita 20. Mita ikawerenga makiyubiki 4, m'kaundula muoneke ndalama za zigubu pafupifupi 200.

Msungichuma: Pamenepo mudzalakwira amayi ogulitsa. Anthu amatsukuluza ndowa asanatunge, ena amadzaza mpaka kusefukira. Adzalipira ndani?

Pulambala: Zoona mayi. Mwezi woyamba tingowerenga, osadula aliyense, ndipo malire a madzi otayikira pa kiyosiki achokere pamenepo. Koma ambiri akuthera pansi. Kuno kunyanja ndi mchenga, paipi ikang'ambika madzi amangolowa osaonekera pamwamba.

Mlembi: Nanga tidzapapeza bwanji, achimwene? Kukumba mzere wonse?

Pulambala: Ayi. Thanki idzaze, mipopi yonse itsekedwe 10 koloko usiku, tilembe mita, tidzawerengenso 4 koloko m'bandakucha. Ikayenda, kwinakwake kukudontha kapena wina analumikiza mwakuba. Usiku wotsatira tizitseka mavavu imodziimodzi. Pamene mita yaimira, nthambi yake ndi imeneyo. Muyambire polumikizira mapaipi, podutsa ngolo, ndi m'minda momwe khasu limafika popanga mizere. Paipi ikwiriridwe masentimita osachepera 60, powoloka msewu ilowe m'paipi yachitsulo. Paipi ya pulasitiki ya PVC yokhala padzuwa la Okutobala imauma n'kusweka. Zomanga ndi mphira wa tchubu zithe, tigule makapulini olumikizira mapaipi.

Msungichuma: Bolo vavu ya m'thanki, yotseka madzi thanki ikadzaza, musaiwale, masana dzuwa likakula madzi amasefukira pamwamba. Koma inuyo a Pulambala, malipiro anu asakhalenso a mwezi basi. Theka lidalire kutsika kwa madzi otayika, ndi kukonza pasanathe maola 24 mutauzidwa.

Pulambala: Ndavomera, bola zipangizo zizikhala m'sitolo. Kudikira siginecha zitatu kuti tigule kapulini imodzi, maola 24 sangakwane.

Mlembi: A kumtunda mwezi woyezawo sangaudikire, a Tcheya.

Wapampando: Nthambi ya kumunsi izitsekedwa 6 mpaka 8 koloko m'mawa kuti madzi akwere. A Pulambala, mitengo ya mamita itipeze Loweruka.